Anthu Khumi ndi Anayi pa Mzere wa Ufa

LOLEMBA

Amene mudzatsegule kabuku aka, kaya ndiwe Esinati mwana wanga ukufuna pepala loyatsira mbaula, kaya ndinu wina, pepani kuti ndakutayitsani nthawi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6. Ndikudzilembera ndekha, kuti pasadzapezeke wonena kuti zinthu sizinayende chonchi.

Chithunzi chatha. Burashi yomaliza ndaika 10 koloko m'mawa uno.

Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikulemba zikwangwani muno m'Matero, komboni ya mu Lusaka. Mitu ya pa malo ometera, ng'ombe za pa butchala, mabotolo a pa bawa, ndi MUSAKODZE PANO wosawerengeka. Palibe amene ananditchulapo wojambula. Onse amati "ba Saini", ngakhale abusa. Loweruka lino zimenezo zikutha.

Nkhani yake ndi iyi. Mwezi watha tayala la galimoto ya Mayi Daka linaphulika pafupi ndi nyumba yanga. Mayi Daka ndi amene amayang'anira nyumba yoonetsera zithunzi m'tauni, imene iwo amati galare. Podikira tayala anaona bolodi langa lili pakati, lisanathe. Anaima nthawi yaitali akuliyang'ana. Kenaka anati, "Ichi mubweretse ku chionetsero chathu." Anandipatsa fomu, ndipo m'buku mwawo analemba pansi pa dzina langa: Mzere wa Ufa, penti ya mafuta pa hadibodi, anthu khumi ndi anayi. Anthuwo anawerenga okha ndi chala.

Chithunzicho chili chonchi. Sitolo ya boma ya pa msika, m'mawa, chitseko chotseka. Anthu khumi ndi atatu ali pa mzere, aliyense monga ndimamuonera, palibe amene ndamukometsa. Wa khumi ndi chinayi sali pa mzere. Akutulukira khomo lakuseri, thumba la ufa lili paphewa. Nkhope yake yatuluka bwino kuposa onse. Dzina lake sindilemba pano.

Fomu ikufuna zinthu zinayi: chifike Loweruka isanakwane 12 koloko, penti ikhale youma, pakhale dzina la wojambula, chikhale chokonzeka kupachika.

Zimene ndakonza:
1. Misomali inayi ya mainchi atatu. Ndaiwongola ndekha.
2. Hamala.
3. Mabowo anayi m'makona a bolodi. Ndaboola kale, ndayeza ndi tepi kawiri.
4. Jekete. Amake Esinati alonjeza kuchapa Lachitatu.
5. Fomu, m'Baibulo, pa Masalmo.
6. Khadi la Chipani, poti pokwerera basi amafunsa.

Vuto ndi limodzi. Amake Esinati akuti fungo la penti likuwapweteka mutu, ndipo mbaula ili pafupi. Chithunzi chatulutsidwa. Ndachitsamiritsa pakhoma kumene kumafika dzuwa, ndipo kumeneko ndi kumene kwayang'ana ku msewu. Mphepo ya Ogasiti ikuwomba, ndiye ndakhala pafupi tsiku lonse ndikutola fumbi ndi nthenga ya nkhuku.

Anthu achione. Chithunzi chimajambulidwira zomwezo. Sindikuopa munthu.

LACHIWIRI

7 koloko. Bambo Tembo, mesenjala wa ku maofesi a boma, aima pa msewu ndi njinga yawo. Pa chithunzi ndi achisanu ndi chimodzi, avala chipewa chawo cha nthenga. Ayang'ana, ayandikira, avula chipewa, achiyang'ana, ayang'ananso chithunzi.

Akuti, "Ba Saini, nichoseniko apo."

Ndikufunsa chifukwa. Akuti nthawi zonse ufa ukamveka kuti wabwera, iwo amauza abwana awo kuti ali ku maliro ku Petauke. "Ba anti banga nabaika m'manda kanayi chaka chino chifukwa cha unga. Manje ba madamu ba abwana bakonda kuyenda ku vionetsero. Chisote ichi bachidziwa."

Ndawauza kuti pa chithunzi palibe deti. Akuti chipewacho anagula mwezi wa Epulo, ndipo chiyambire Epulo sanapemphepo tchuthi cha chinthu china koma maliro.

Ndakana. Ndawafotokozera bwinobwino kuti ichi si chikwangwani. Pa chikwangwani mwini butchala akati ng'ombe inenepe, ndimainenepetsa. Akati imwetulire, imamwetulira. Pa chithunzi wolamula ndine. Apita akukankha njinga, osakwera.

Masana. Ndadya bwino. Munthu akaima pa mfundo yake amadya bwino.

3 koloko. Abwera akazi a Bambo Tembo, mwana kumbuyo, wina pa dzanja. Akhala pansi pafupi ndi chithunzi, ayala chitenje, ayamba kuyamwitsa. Amake Esinati awapatsa madzi, kenaka akundiyang'ana ine. Akhala pomwepo ola lathunthu.

4 koloko. Bambo Tembo ndawachotsa.

Koma tsopano pa mzere pali mpata, ndipo mpata ndi bodza. M'Matero muno mzere sukhala ndi mpata. Ukangosuntha phazi, wakumbuyo walowa. Kusuntha anthu asanu ndi awiri kuti abwere kutsogolo ndi ntchito ya milungu itatu. Ndaganiza mpaka mutu kutentha. Ndiye ndadzifunsa: munthu akachoka pa mzere amatani? Amasiya chinthu chomusungira malo. Limenelo ndi lamulo, ndipo palibe amene amachikhudza chinthucho, ngakhale wakuba. Bambo Tembo amasiya theka la njerwa yopaka laimu. Aliyense amaidziwa.

Ndajambula njerwayo. Yatuluka bwino, ndi mthunzi wake womwe.

Sindinagonje. Bambo Tembo akadali pa mzere, angopita kaye kuseri.

Atsala khumi ndi atatu.

LACHITATU

Jekete silinachapidwe. Ndifotokoza.

M'mawa kwabwera bana Chileshe, ogulitsa vitumbuwa pa msika, Abemba a ku Kasama. Pa chithunzi ndi a khumi. Ine ndimaganiza kuti abwera kudzapempha kuchotsedwa ngati a Tembo, ndipo yankho ndinakonza kale. Ayi. Nkhope akuti ili bwino. Chimene chawakwiyitsa ndi malo.

"Ine namba teni? Ine? Nimafika pa sitolo nkhuku zikalibe kulira. Funsani aliyense. Ba Saini, mwanichititsa nsoni pa Matero yonse."

Akufuna ndiwaike kutsogolo, pa chitseko. Kutsogolo kuli Mayi Zulu, amene amakhala nyumba yachitatu kuchokera pano, ndipo makutu awo amamva mpaka nyumba yachisanu. Afika asanamange bwino duku. Akuti iwo ndi oyamba pa mzere chiyambire ufa kusowa, ndipo wina akawasuntha pa chithunzi ndiye kuti mawa adzawasunthanso pa sitolo.

Zimene zanenedwa pabwalo langa sindingalembe zonse. Zina ndi izi:
- kuti vitumbuwa vya bana Chileshe ndi mpweya wokhawokha;
- kuti Mayi Zulu amatumiza chitini chawo pa mzere dzulo lake, iwo n'kukagona;
- kuti chitini si munthu;
- kuti beseni la bana Chileshe nalonso si munthu.

Fumbi la mapazi awo lagwera pa njerwa ya a Tembo, imene inali isanaume. Ndaima pakati pawo ndi chithunzi, manja otambasula, ndikuti, "Amayi, penti." Palibe wondimva.

Pomaliza agwirizana chinthu chimodzi chokha. Bana Chileshe sangakhale pa chithunzi chimene Mayi Zulu ali patsogolo. Mayi Zulu sangakhale pa chithunzi chimene muli bana Chileshe. Ndawauza kuti sindisintha kanthu. Anena kuti abweranso mawa ndi amuna awo. Amuna a Mayi Zulu amanyamula matumba a simenti.

Masana. Pa chitseko pali chitini cha mafuta chopanda chogwirira. Pa malo a khumi pali beseni lobiriwira.

Ndimati zatha. Ndili mkati motsuka maburashi ndi palafini, amake Esinati aima kumbuyo kwanga. Iwo pa chithunzi ndi achinayi. Akhala akuchiona chiyambire Juni osanena kanthu. Lero azimayi aja potukanana awaonetsa zimene anali asanaone: chitenje chakale chija chopserera pa bondo, ndi patapata womanga ndi waya.

Akuti, "Bambo ake Esinati, ndili ndi chitenje cha ku tchalitchi. Ndili ndi nsapato. Mwasankha kukandipachika m'tauni ndi patapata wa waya?"

Ndati pa mzere wa ufa savala nsapato. Akuti pa mzere wa ufa sipabwera azungu. Ndati ndijambule nsapato? Akuti ndiye azimayi adzati amake Esinati amadzionetsa. Ndati ndiye nditani? Atenga jekete langa, alipinda bwinobwino, alibweza m'sutikesi.

Dengu lawo ndalijambula mosamala, ndi pamene linang'ambika pomwe.

Atsala khumi. Chithunzi ndi changabe.

LACHINAYI

Ndilemba zonse mwa dongosolo lake.

6 koloko. Mbiri yamveka kuti ba Saini ajambula anthu. Abwera oti adzione, ndi oti aone anzawo. Polowera pabwalo langa ndi popapatiza, pakati pa chimbudzi ndi mpanda wa minga, ndiye aima wina kumbuyo kwa mnzake.

8 koloko. Odutsa mu msewu aona anthu ataima wina kumbuyo kwa mnzake. Nawonso aima. Safunsa. Masiku ano munthu amayamba waima, kufunsa pambuyo.

9 koloko. Mzere wafika pa mpope. Ena asiya miyala apita kukatenga mabotolo. Ndikumva kuti ndili ndi mafuta ophikira, amene kuno timati saladi. Kumbuyo kwenikweni akuti ndili ndi sopo ndi shuga. Mayi wina amene sindimudziwa wafika kutsogolo, wayang'ana chithunzi, wayang'ana ine, akuti, "Nanga saladi ili kuti?"

Ndakwera pa mpando ndikulengeza kuti pano palibe chogulitsa. Wina kumbuyo akuti, "Ndiye mwamene bakambira ku sitolo." Palibe wachoka.

10 koloko. Afika ba Cheyamani a sekishoni yathu ndi anyamata awiri a Chipani. Amva kuti ndikubisa katundu. Alowa m'nyumba. Ayang'ana pansi pa bedi, m'sutikesi, mu mphika, pa denga. Zitini zanga za penti azitsegula chimodzichimodzi n'kumanunkhiza. Ndawaonetsa khadi langa asanafunse. Sapeza kanthu. Akutuluka, ndipo ine ndikuyenda chammbali kuti thupi langa liphimbe kona ya kumanja ya chithunzi. Thupi langa ndi laling'ono.

Aima.

Tsopano ndilembe, poti Matero yense akudziwa kale. Munthu wa khumi ndi chinayi, wa pa khomo lakuseri uja, ndi ba Cheyamani.

Akuti, "Uyu ni ndani?"

Ndati, "Munthu chabe, ba Cheyamani."

Akuti, "Munthu chabe avala safari suti yanga? Na mpata wa mano wanga?"

Wina pa mzere waseka, kenaka wasandutsa chifuwa.

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Ayankhula pang'onopang'ono ngati pa msonkhano. Akuti m'dziko muno mulibe mizere, muli chabe anthu okonda kuima pamodzi. Akunena izi mzere uli kumbuyo kwawo mpaka pa mpope. Akuti chithunzi chopita kumene kumabwera alendo akunja si nkhani ya sekishoni, ndi nkhani ya kumwamba. Atulutsa kabuku, alemba maina a onse amene akuoneka pa chithunzi, poti akuti anthu ojambulitsa pa mzere ndi anthu odandaula. Pomaliza ayang'ana nyumba yanga kuyambira pansi mpaka pa malata.

"Ka puloti aka, kalata yake anakulemberani ndani, ba Saini? Na batate banu banachokera ku Nyasalande, si so?"

Bambo anga anabwera kuno njanji isanafike pa msika. Ine ndinabadwira kuno. Ndinaimba nawo pa tsiku la ufulu, ndipo mbendera ya pa sukulu ya pamwambapa ndinapenta ndine, ulere. Zimenezi ndawayankha mumtima, mwamphamvu.

Masana. Sindinadye.

2 koloko. Ndawachotsa. Thumba la ufa lapita nawo. Ndakhala ndikuganiza choika pa malo pawo, koma palibe. Ba Cheyamani alibe mwala, alibe chitini. Sanaimepo pa mzere.

Khomo lakuserilo ndalisiya lotsegula pang'ono, mkati muli mdima. Limenelo sinditseka. Abwere ndi anyamata khumi!

LACHISANU

Onse a m'kabuku ka ba Cheyamani abwera, mmodzimmodzi, mwaulemu, ena asanasambe. Palibe wokalipa lero. Aliyense akuyamba ndi kufunsa za thanzi langa.

Ndagwira ntchito kuyambira 6 koloko. Ndathira palafini wambiri mu penti kuti iume msanga, chinthu chimene sindichita ngakhale pa chikwangwani cha chimbudzi.

- Bambo Mwale okonza wailesi: batire lakutha la galimoto.
- Bana Mutale: botolo la mafuta lopanda kanthu.
- Aphunzitsi a Sitandade 3: mwala wosalala. Apempha kuti usafanane kwambiri ndi wawo.
- Atsikana awiri a kwa Banda: thumba limodzi lopinda, mwala pamwamba. Amasungirana.
- Mayi Ngoma: kampando.
- Mlamu wa a Tembo: nsapato imodzi.
- Telala: chitsulo cha makina osokera.

Bana Chileshe adutsa ndi vitumbuwa pamutu. Aima, awerenga ndi chala. "Beseni langa likali namba teni."

Watsala mmodzi, a Sakala, mkulu amene kale anali mlonda ku njanji. Pa chithunzi ndi omaliza, atsamira ndodo. Abwera masana, akhala pa njerwa, ayang'ana nthawi yaitali ndi diso limodzi limene linawatsalira.

Akuti, "Ine nisiyeni. Chibadwire sin'najambulidwepo. Ya pa chitupa inatuluka mdima chabe."

Ndasangalala. Ndati a Sakala, inu ndi ine tiima. Tagwirana chanza.

Atapita ndaganiza. Anthu khumi ndi anayi pa chithunzi ndi mzere. Munthu mmodzi pa chithunzi ndi mlandu wa munthu mmodzi. A Sakala amakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mlongo wa ba Cheyamani. Ndawatsatira kwawo kukawauza. Sanatsutse. Angoti, "Ndiye ndodo yanga muijambule bwino." Ndaitsamiritsa pa khoma la sitolo, ndi mphira wake wakunsi ndi pamene dzanja linaisalalitsa. Pa chithunzi chonse palibe chimene ndachitaya nthawi ngati ndodo imeneyo.

Palibe watsala.

4 koloko. Nkhani ya dzina. Pansi kumanja ndinalemba dzina langa ndi nambala ya puloti, monga ndimachitira pa chikwangwani chilichonse. Amake Esinati aima pamenepo manja m'chiuno. Akuti, "Mwachotsa anthu onse kuti asapezeke. Mwasiya mmodzi, ndi keyala yake yomwe." Ndati fomu ikufuna dzina. Akuti fomu sigona m'nyumba muno.

Ndafufuta ndi penti ya mtundu wa dothi. Koma ndili ndi nzeru. Ndathira penti yakuda m'kabotolo ka mankhwala, ndakulunga kaburashi kakang'ono m'pepala. Dzina ndikalemba mawa ku galare komweko, pamaso pa Mayi Daka, kumene ba Cheyamani kulibe.

Dzuwa lisanalowe ndakhala ndikuchiyang'ana. Chitini, dengu, njerwa, beseni, ndodo, chitseko chotseka. Sindikufuna kuvomera, koma 5 koloko m'mawa pa sitolo pamaoneka chonchi ndithu.

Jekete lachapidwa. Likadali lonyowa m'mapewa.

LOWERUKA

Ndilemba mwachidule.

Kondakitala wa basi wagwira bolodi ndi chala, chala chatuluka ndi penti. Akuti, "Mudala, ichi sichikwera." Basi yachiwiri chimodzimodzi. Khadi la Chipani palibe wandifunsa.

Ndayenda pansi kuchokera ku Matero mpaka m'tauni, bolodi pamutu, penti kumwamba, hamala ndi misomali m'thumba la jekete. Mphepo yanditembenuza kawiri. Pa njanji inatsala pang'ono kundinyamula.

10 koloko ndafika. Pakhomo pa galare pali mzere wa ojambula. Mtima wakhala pansi, poti mzere ndimaudziwa. Ndine wa khumi ndi chimodzi. Anzanga zithunzi zawo zili m'mafelemu, zokulunga m'mapepala. Ambiri ndi ana aang'ono kwa ine, ndevu zambiri, akuyankhula Chingerezi chothamanga. Kutsogolo kuli tebulo ndi mtsikana wolemba. Mayi Daka sakuoneka, akuti ali mkati akukonza makoma.

Amene ali patsogolo panga, wandevu, wa kaliwo wosayatsa, wayang'ana chithunzi changa nthawi yaitali. Kenaka waona hamala ikusuzumira m'thumba.

Akuti, "Ba mudala, hamala ni ya chani?"

Ndamuonetsa mabowo anayi ndi misomali. Waseka, koma osati moipa. Akuti kuno sakhomera chithunzi pakhoma ngati chikwangwani. Pafunika waya kumbuyo, chikoleke pa mbedza. Chopanda waya salandira. Ndapita pa tebulo kukafunsa. Mtsikana sanadzutse mutu. "Waya kumbuyo. Ndiye kukonzeka kupachika." Zaka makumi awiri ndi zitatu ndikupachika zinthu pa makoma a Lusaka, palibe chimene chinagwapo. Ndamuuza. Akuti, "Wotsatira."

Nthawi ndi 10:30. Mzere ukuyenda pang'onopang'ono. Kupita ndi bolodi kukafuna waya, mu mphepo imeneyi, penti yosauma, ndiye kuti malo ndataya ndi chithunzi ndaononga. Ndachita chimene munthu aliyense wanzeru amachita. Ndatsamiritsa chithunzi pakhoma pa malo anga enieni. Ndatola mwala pa maluwa, ndauika patsogolo pake. Ndauza wandevu uja kuti ndili kumbuyo kwake. Wagwedeza kaliwo.

M'masitolo a m'tauni waya mulibe. Sitolo yoyamba kulibe, yachiwiri kulibe, yachitatu andiseka. Ndathamanga mpaka ku msika wa Kamwala. Wokonza njinga wina wandidulira waya wa buleki wakale. Ndathamanganso kubwerera, jekete lili m'manja.

12:20. Chitseko cha galare chotseka. Mzere palibe. Wandevu palibe. Tebulo palibe.

Mwala ulipo, pomwe ndinauika. Chithunzi palibe.

Mlonda wa pa geti akuti wangoyamba ntchito 12 koloko, mnzake wam'mawa wapita, abwera Lachiwiri. Ndamufotokozera kuti ndinasiya mwala, kuti malo anga anali a khumi ndi chimodzi, kuti palibe amene ali ndi ufulu wokhudza chinthu chosungira munthu malo. Wayang'ana mwala, wayang'ana ine.

Akuti, "Mwala ni wanu? Tengani."

Ndagogoda mpaka zala kuwawa. Ndazungulira kuseri, ndakwera pa chitini cha zinyalala, ndasuzumira pa zenera. Zithunzi zambiri zatsamira khoma, zonse zafulatira. Pakati pake pali chimodzi cha msana wa hadibodi. Mabowo sindinathe kuwaona, katani yatchinga. Mwina ndi changa. Mwina wina anachilowetsa. Mwinanso pano chili pa denga la munthu ku komboni ya Misisi, poti hadibodi ya mafiti anayi siyenda yokha nthawi yaitali m'tauni muno.

Ndabwerera pa basi. Tsopano andilola.

LAMULUNGU

Ku tchalitchi ndapita. Ba Cheyamani andipatsa moni ndi manja awiri. Akuti amva kuti chithunzi chinapita ku tauni chopanda anthu, ndipo ndachita bwino. Akufuna chikwangwani cha pa ofesi ya sekishoni, zilembo zobiriwira. Ndati ndibwera Lachiwiri. Mawa ndili ndi ng'ombe ya pa butchala ya ku komboni ya George. Mwini wake akufuna yonenepa.

A Sakala andifunsa panja ngati ndodo yawo yafika bwino. Ndati yafika m'tauni.

Ndakhala ndikuganiza masana onse. Ngati chithunzi chili mkati, chilibe dzina. M'buku la Mayi Daka muli dzina langa ndi anthu khumi ndi anayi. Adzafuna chithunzi cha anthu khumi ndi anayi, sadzachipeza. Adzapeza chithunzi cha zitini chopanda mwini. Fomu ili kuno, yabwerera pa Masalmo. Kupolisi sindingapite, poti adzafunsa kuti chithunzicho chinali cha chiyani.

Amake Esinati akuti ndisiye. Mwina akunena zoona. Koma kalata ndalemba, Bambo Tembo akaisiya mawa popita ku ntchito, poti amadutsa komweko. Ndaikopera pano kuti pakhale umboni.

Mayi Daka,

Pepani kukusokonezani pa ntchito yanu. Ndine uja wa ku Matero, pamene tayala lanu linaphulika. Dzina langa lili m'buku mwanu pa Mzere wa Ufa. Chithunzi ndinabweretsa Loweruka 10 koloko, nthawi isanakwane. Ndinachisiya pa mzere ndi mwala, monga mwa lamulo, n'kupita kukafuna waya.

Ngati chili kwanu, muchidziwa chonchi: hadibodi, mabowo anayi m'makona, chidindo cha chala cha kondakitala pamwamba kumanzere. Anthu khumi ndi anayi aja musawafune. Onse alipo, koma achokapo kaye. Zifukwa zake sindingalembe m'kalata.

Musalole munthu kutseka khomo lakuseri la pa chithunzipo. Musalolenso munthu wanu kundilembera dzina. Ndaona zilembo za pa chitseko chanu, zikugwera kumanzere ndipo S wake ndi wamutu waukulu. Ndidzabwera ndi burashi yanga. Waya ndili naye.

Ngati sichili kwanu, ingondiuzani, sindidzakuvutitsaninso. Ndamva kuti chionetsero mutsegula Lachisanu. Chonde yankho lindipeze Lachinayi lisanafike, kudzera mwa amene wabweretsa kalatayi, kuti ndidziwe ngati jekete libwerere m'sutikesi.